Maria Mayi wa Chisoni

Maria Mayi wa Chisoni ndi limodzi mwa mayina amene Mpingo wa Katolika umatchulira Maria, mayi wake wa Yesu Khristu. Dzinali limakumbutsa masautso amene Maria anaona chifukwa cha mwana wake, kuyambira pamene Yesu anali khanda mpaka tsiku limene anamuika m'manda. Pa Chilatini amati Mater Dolorosa. Mpingo umawerenga zisoni zisanu ndi ziwiri za Maria ndipo umazikumbukira pa 15 September chaka chilichonse. Pa zithunzi ndi ziboliboli za m'tchalitchi, Mayi wa Chisoni amaoneka atavala nsalu yakuda kapena yabuluu, nkhope ili yakugwa, mtima wake utabayidwa ndi lupanga limodzi kapena malupanga asanu ndi awiri.

Akatolika a m'Malawi amakumana ndi dzinali makamaka pa Njira ya Mtanda m'nyengo ya Lenti, popemphera korona ndiponso pamaliro. Chiphunzitso chake chachikulu ndi chakuti mayi amene akulira mwana wake sanatembereredwe ndipo Mulungu sanamutaye, pakuti ngakhale mayi wa Mpulumutsi anaika mwana wake m'manda.

Zisoni zisanu ndi ziwiri

Zina mwa zisonizi zinalembedwa m'Baibulo, zina zinachokera ku mwambo wa Mpingo. Mndandanda wake uli motere:

1. Ulosi wa Simeoni. Yesu atakwanitsa masiku 40, Maria ndi Yosefe anapita naye ku Nyumba ya Mulungu ku Yerusalemu. Anapereka nsembe ya mbalame ziwiri, imene malamulo a Mose ankalola kwa anthu osauka. Simeoni, munthu wolungama wa mumzindamo, ananyamula mwanayo ndi kuuza Maria kuti anthu adzatsutsana naye mwanayu ndipo lupanga lidzabaya mtima wa mayiyo (Luka 2:22-35). Chithunzi cha lupanga chinachokera pamenepa.

2. Kuthawira ku Ejipito. Mfumu Herode inafuna kupha mwanayo, choncho banjali linanyamuka usiku ndi kukakhala m'dziko la eni mpaka Herode atamwalira. Ku Betelehemu ana aamuna a zaka ziwiri kutsika m'munsi anaphedwa (Mateyo 2:13-18).

3. Kusowa kwa Yesu ku Yerusalemu. Ali ndi zaka 12, Yesu anatsalira mumzinda makolo ake osadziwa. Anamufunafuna ali ndi nkhawa yaikulu ndipo anamupeza patapita masiku atatu ali pakati pa aphunzitsi (Luka 2:41-51).

4. Kukumana ndi Yesu atasenza mtanda. Nkhani iyi mulibe m'mabuku anayi a Uthenga Wabwino. Luka amangonena za amayi amene ankamutsatira akulira. Mwambo wa Mpingo ndi umene umaika Maria panjirapo, ndipo ili ndi gawo lachinayi la Njira ya Mtanda.

5. Imfa ya Yesu pamtanda. Yohane yekha ndi amene analemba kuti Maria anaimirira pafupi ndi mtanda. Yesu asanafe anapereka mayi wake m'manja mwa wophunzira amene ankamukonda, ndipo wophunzirayo anamutenga kukakhala naye kwawo (Yohane 19:25-27).

6. Kutsitsidwa kwa mtembo wa Yesu. Baibulo limatchula Yosefe wa ku Arimateya kuti ndiye anapempha mtembowo kwa Pilato. Mwambo umati Maria anaulandira pamiyendo pake.

7. Kuikidwa m'manda. Yosefe ndi Nikodemo anakulunga mtembo m'nsalu ndi kuuika m'manda atsopano mofulumira chifukwa Sabata linali pafupi kuyamba (Yohane 19:38-42).

Mbiri ya mwambowu

Akhristu oyambirira ankalankhula kale za Maria ali pamtanda. Ambrose, episkopi wa ku Milan amene anamwalira mu 397, anaona kuti Uthenga Wabwino umanena za kuimirira kwa Maria koma sutchula za kulira kwake. Bernard wa ku Clairvaux, amene anamwalira mu 1153, analalikira kuti Maria anali mboni yofera chikhulupiriro mumtima ngakhale kuti thupi lake silinavulazidwe. Ulaliki wa Bernard umawerengedwabe m'mapemphero a ansembe ndi asisitere pa 15 September.

Amene anafalitsa kwambiri mwambowu ndi chipani cha Atumiki a Maria, chodziwika ndi dzina lakuti Servites. Chipanichi chinayambitsidwa mu 1233 ndi amuna asanu ndi awiri ochita malonda a mumzinda wa Florence ku Italy. Iwo anasiya malonda awo ndi kukakhala pa phiri la Senario. Ankavala mikanjo yakuda pokumbukira chisoni cha Maria. Papa Leo XIII anawaika onse pamodzi m'gulu la oyera mu 1888.

M'zaka za m'ma 1200 kunalembedwanso nyimbo ya Chilatini yotchedwa Stabat Mater, yonena za mayi ataimirira pamtanda wa mwana wake. Ambiri amati anaipeka ndi Jacopone da Todi, wa chipani cha Fransisko Woyera, amene anamwalira mu 1306. Akatswiri ambiri a nyimbo anaiikira maimbidwe awo, mmodzi mwa iwo ndi Giovanni Battista Pergolesi mu 1736. Pa zosema, chodziwika kwambiri ndi Pietà, chiboliboli cha mwala chimene Michelangelo anasema mu 1498 ndi 1499. Chimaonetsa Maria atanyamula mtembo wa Yesu pamiyendo, ndipo chili m'tchalitchi lalikulu la Petulo Woyera ku Vatican.

Kwa zaka zambiri kunali masiku awiri okumbukira zisoni za Maria. Loyamba linayambira ku Cologne, m'dziko la Germany, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1400. Mu 1727 Papa Benedict XIII analamula kuti lizisungidwa mu Mpingo wonse wa mwambo wa Chilatini pa Lachisanu lotsogolera Lamulungu la Kanjedza. Lachiwiri linaperekedwa kwa Atumiki a Maria mu 1668 kuti azilisunga pa Lamulungu lachitatu la mwezi wa September. Papa Pius VII, amene Napoleon anamusunga ngati mkaidi kuyambira 1809 mpaka 1814, atabwerera ku Roma analipereka ku Mpingo wonse m'chaka chomwecho cha 1814. Mu 1913 Papa Pius X analikhazika pa 15 September kuti litsatane ndi chaka cha Mtanda Woyera chimene chimachitika pa 14 September. Kalendala ya Mpingo itakonzedwanso mu 1969, tsiku la m'Lenti lija linachotsedwa ndipo kunatsala la September lokha.

Ku Slovakia, Maria wa Zisoni Zisanu ndi Ziwiri ndi nkhoswe ya dziko lonse. Papa Francis anatsogolera Misa ku malo oyera a Šaštín m'dzikomo pa 15 September 2021.

Mapemphero ndi miyambo

Pa Misa ya pa 15 September amawerenga kalata yolembera Ahebri 5:7-9, imene imanena kuti Yesu anapemphera akulira ndi misozi. Uthenga Wabwino umakhala wa Yohane 19:25-27 kapena wa Luka 2:33-35. Wansembe amavala zoyera, osati zakuda kapena zofiirira za maliro.

Korona wa zisoni zisanu ndi ziwiri ndi wosiyana ndi korona wa masiku onse. Korona wa masiku onse ali ndi magawo 5 a mikanda 10, pamene uyu ali ndi magawo 7 a mikanda 7. Pa gawo lililonse munthu amatchula chisoni chimodzi, kenaka amanena Atate Athu kamodzi ndi Tikuoneni Maria kasanu ndi kawiri. Amawonjezapo Tikuoneni Maria katatu pokumbukira misozi ya Maria. Amene alibe korona wotere amawerengera pa zala kapena pa korona wamba. Korona ameneyu asasokonezedwe ndi magawo a chisoni a korona wamba, amene amanenedwa Lachiwiri ndi Lachisanu ndipo amanena za masautso a Yesu mwini.

Pa Njira ya Mtanda, imene ili ndi magawo 14, Maria amakumbukiridwa makamaka pa gawo la 4 ndi la 13. Palinso mwambo wina wa Atumiki a Maria wotchedwa Via Matris, kutanthauza Njira ya Mayi. Uli ndi magawo 7 ndipo umayendedwa mofanana ndi Njira ya Mtanda.

Chisoni ndi chiyembekezo m'chiphunzitso cha Mpingo

Msonkhano waukulu wa maepiskopi wa Vatican II, m'chikalata chake cha Lumen Gentium cha 1964, unafotokoza moyo wa Maria ngati ulendo wa chikhulupiriro. Tanthauzo lake ndi lakuti Maria sankadziwiratu mathero a zonse. Luka yemwe amanena kuti Maria ndi Yosefe sanamvetse yankho la Yesu tsiku limene anamupeza m'Nyumba ya Mulungu, ndipo Maria anangosunga zimenezi mumtima. Alaliki amagwiritsa ntchito mfundoyi potonthoza anamfedwa: munthu angathe kukhulupirira Mulungu asanapeze yankho la funso lakuti chifukwa chiyani.

Papa John Paul II analemba kalata yotchedwa Salvifici Doloris pa 11 February 1984, pasanathe zaka zitatu chiwomberedwe pa bwalo la Petulo Woyera mu May 1981. M'kalatayi anafotokoza kuti Mkhristu angathe kuphatikiza masautso ake ndi a Khristu. Anathera pa fanizo la Msamariya wachifundo pofuna kuonetsa kuti woona mnzake akuvutika ayenera kuima ndi kumuthandiza. Choncho Mpingo suphunzitsa kuti kuvutika pakokha ndi chinthu chabwino chimene munthu ayenera kuchifunafuna.

Chiyembekezo cha Maria chimakumbukiridwa makamaka pa Loweruka Loyera, tsiku limene Yesu anali m'manda ndipo ophunzira anali atabalalika. Mwambo wakale umati pa tsikuli chikhulupiriro cha Mpingo chinatsala mwa Maria, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene Loweruka limatengedwa kukhala tsiku la Maria. Buku la Ntchito za Atumwi 1:14 limamuonetsanso ali pakati pa ophunzira akupemphera Yesu atakwera kumwamba. Mu June 2020, mliri wa Covid-19 uli mkati, Papa Francis anawonjeza mayina atatu m'litaniya ya Maria: Mayi wa Chifundo, Mayi wa Chiyembekezo ndi Mtonthozi wa anthu osamuka kwawo.

Kibeho

Mu Africa mwambowu unalimbikitsidwa ndi zimene zinachitika ku Kibeho, kummwera kwa dziko la Rwanda. Pa 28 November 1981, mtsikana wa pa sukulu ya sekondale ya kumeneko, Alphonsine Mumureke, ananena kuti waona Maria. Mu 1982 atsikana ena awiri, Nathalie Mukamazimpaka ndi Marie Claire Mukangango, ananenanso chimodzimodzi. Marie Claire anati anauzidwa kuti aphunzitse anthu korona wa zisoni zisanu ndi ziwiri, amene ambiri anali atamuiwala. Mu August 1982 atsikanawa anafotokoza masomphenya a mitsinje ya magazi ndi mitembo yosaikidwa.

Mu 1994 anthu zikwi mazanamazana, ambiri a iwo Atutsi, anaphedwa m'dziko lonse la Rwanda, kuphatikizapo amene anathawira m'tchalitchi la parishi ya Kibeho. Marie Claire naye anaphedwa m'chaka chimenecho. Pa 29 June 2001, episkopi wa dayosizi ya Gikongoro, Augustin Misago, analengeza kuti Mpingo wavomereza umboni wa atsikana atatuwa. Tchalitchi la amwendamnjira limene linamangidwa ku Kibeho linapatsidwa dzina la Maria Mayi wa Chisoni. Mpingo wa Katolika sukakamiza Mkhristu aliyense kukhulupirira masomphenya otere ngakhale atavomerezedwa.

M'Malawi

Ansembe a chipani cha White Fathers anafika kwa Mponda ku Mangochi mu 1889 koma anachokako mu 1891. Mpingo unakhazikika ansembe a chipani cha Montfort atafika ku Nzama m'boma la Ntcheu mu 1901, ndipo a White Fathers anabweranso mu 1902 ndi kutsegula mishoni monga Mua. Woyambitsa chipani cha Montfort, Louis-Marie Grignion de Montfort, ankadziwika ndi kulalikira za Maria ndi korona, choncho mapemphero a kwa Maria anafika m'dziko muno pamodzi ndi Mpingo weniweniwo. Gulu la Legio ya Maria, limene linayamba ku Dublin mu 1921, linafalitsidwa kuno ndi Edel Quinn wa ku Ireland, amene anamwalira ku Nairobi mu 1944. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 17 mwa anthu 100 alionse m'Malawi ndi Akatolika.

Masiku ano mapemphero a kwa Maria amamveka pa Radio Maria Malawi ya ku Mangochi ndi pa mawailesi a madayosizi. Amene amawasunga kwambiri m'midzi ndi amayi a Legio, bungwe la Amayi Achikatolika ndi miphakati. Magulu omwewa ndi amene amayendera odwala, kukhuza maliro ndi kuchezera usiku wonse ku nyumba ya siwa akuimba ndi kupemphera korona. Mwezi wa October, umene Mpingo umautcha mwezi wa korona, ndi womwewo umene Amalawi amakondwerera tsiku la anakubala pa 15.

Imfa ya mwana si nkhani yachilendo kwa amayi a m'Malawi. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo anaonetsa kuti mu 1992 ana 234 mwa ana 1,000 obadwa amoyo ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu. Pofika 2015 ndi 2016 chiwerengerochi chinatsika kufika pa 63. Edzi, imene inapezeka koyamba m'dziko muno mu 1985, inasiya agogo ambiri ataika ana awo akuluakulu ndi kutsala akulera zidzukulu, makamaka mankhwala aulere otalikitsa moyo asanayambe kuperekedwa mu 2004. M'madera ambiri, khanda likamwalira lisanatuluke m'chikuta amakaliika ndi amayi okhaokha ndipo salira mokweza. Mayi wotere amatsala ndi chisoni chimene mudzi sunachilire naye, ndipo ena amatonzedwa kapena kuganiziridwa za ufiti. Chiphunzitso cha Mayi wa Chisoni chimakana kuti imfa ya mwana ndi umboni wa tchimo la mayi wake.

Ku Kande ndi m'mphepete mwa nyanja ku Nkhata Bay

Kande ndi dera la asodzi ndi alimi a chinangwa m'mphepete mwa nyanja ya Malawi, pa msewu wa M5 kummwera kwa Chintheche. Anthu ambiri kumeneko ndi Atonga. Chikhristu chinafika m'derali kudzera mwa amishoni a Livingstonia ochokera ku Scotland, amene anasamutsa likulu lawo kuchoka ku Cape Maclear kupita ku Bandawe mu 1881 motsogozedwa ndi Robert Laws. Bandawe ili pakati pa Chintheche ndi Kande. Chifukwa cha mbiri imeneyi, mpingo wa CCAP unazika mizu m'derali Akatolika asanafike.

Mpingo wa Katolika unachedwa kufika kumpoto. Chigawo cha kumpoto chinapatsidwa utsogoleri wakewake wa Mpingo mu 1947, ndipo chinakhala dayosizi ya Mzuzu mu 1961. Boma la Nkhata Bay lili pansi pa dayosizi imeneyi, imene wailesi yake ndi Radio Tigabane. Monga m'madera ena akumidzi, matchalitchi ang'onoang'ono salandira wansembe Lamulungu lililonse, choncho mapemphero monga korona ndi Njira ya Mtanda amatsogoleredwa ndi makatekisiti ndi akuluampingo.

Zisoni zina za Maria zimafanana ndi mbiri ya derali. Kuthawira ku Ejipito ndi kusowa kwa mwana zimakumbutsa za ulendo wa kuntchito. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, amuna ambiri a Chitonga ankapita ku migodi ndi m'mizinda ya Southern Rhodesia ndi South Africa. Mmodzi wa iwo ndi Clements Kadalie wa ku Chifira pafupi ndi Bandawe, amene anayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919 ndipo anamwalirira ku South Africa komweko mu 1951. Amene anapita osabwerakonso ankatchedwa machona, ndipo amayi awo ankamwalira osadziwa kumene ana awo ali. Mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana ndi kupha Amalawi 74 amene ankabwerera kumudzi kuchokera ku migodi. Mpaka lero achinyamata ambiri a ku Nkhata Bay amapita ku Joni kukafuna ntchito.

Nyanja nayo imatenga ana a anthu. Mphepo ya mwera, imene imaomba kwambiri m'miyezi yozizira, imagubuduza mabwato a asodzi, ndipo nthawi zina mtembo supezeka. Ngozi yaikulu kwambiri inali ya sitima ya Vipya, imene inamira pa 30 July 1946 kufupi ndi Florence Bay kumpoto kwa nyanjayi, ndipo anthu 145 anafa. Pamene mtembo sunapezeke, banja limasowa ngakhale chitonthozo cha chisoni chachisanu ndi chimodzi ndi chachisanu ndi chiwiri, ndiko kugwira thupi la mwana ndi kuliika m'manda. Mliri wa kolera umene unayamba mu March 2022 unafika ku Nkhata Bay cha mu August chaka chomwecho, ndipo m'dziko lonse unapha anthu oposa 1,700.

Maria analinso mayi wa munthu wophedwa ndi boma la atsamunda la nthawi yake. Pa 3 March 1959, asilikali anawombera anthu amene anasonkhana pa doko la Nkhata Bay kutsutsa kumangidwa kwa atsogoleri a Nyasaland African Congress amene anali m'sitima ya Mpasa. Anthu osachepera 20 anaphedwa. Tsiku lokumbukira anthu ofera dziko, 3 March, zaka zambiri limagwa m'nyengo ya Lenti, pamene Akatolika amayenda Njira ya Mtanda Lachisanu lililonse.

Kusiyana maganizo

Mipingo ya Chipulotesitanti monga CCAP imalemekeza Maria kuti ndi mayi wa Yesu ndiponso chitsanzo cha kumvera Mulungu, koma sipemphera kudzera mwa iye. Imatsamira pa 1 Timoteyo 2:5, pamene Khristu akutchulidwa kuti ndiye mkhalapakati yekha, ndipo imanenanso kuti zisoni zina za pa mndandandawu mulibe m'Baibulo. Akatolika amayankha kuti sapembedza Maria koma amamupempha kuti awapempherere, monga momwe munthu amapemphera mnzake wa mumpingo. M'midzi ya m'mphepete mwa nyanja, mmene banja limodzi lingakhale ndi anthu a mipingo yosiyana, kusiyanaku sikuletsa anthu kukhala pamodzi pamaliro.

Nkhawa ina imachokera kwa akatswiri a zaumulungu amene amaona za moyo wa amayi. Iwo amati chithunzi cha mayi wovutika mwakachetechete chingagwiritsidwe ntchito molakwika pouza mayi womenyedwa kuti banja ndi kupirira. Ena amayankha kuti Maria wa m'Baibulo si wongokhala chete: anathawitsa mwana wake kwa Herode, anamufunafuna mpaka kumupeza, ndipo anaimirira poyera pafupi ndi munthu woweruzidwa kuti aphedwe pamene ophunzira ambiri anali atathawa. M'Malawi nkhanza za m'banja ndi mlandu malinga ndi lamulo limene linakhazikitsidwa mu 2006, ndipo bungwe la Mpingo loona za chilungamo ndi mtendere la CCJP limaphunzitsa anthu m'madayosizi za ufulu wa amayi ndi ana. Ku Mzuzu, abale a chipani cha St John of God amathandiza anthu ovutika m'maganizo, kuphatikizapo amene chisoni cha maliro chawapitirira muyeso.